Thanki yochulukitsira zomera za m'madzi: kuyambira Malichi mpaka Okutobala

Thanki iyi si yokongoletsera pabalaza. Ntchito yake ndi kuchulukitsa zomera zoti zikalowe m'thanki ina ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndiye chilichonse chasankhidwa poganizira zinthu ziwiri: madzi athu ali ndi laimu wambiri, aja amasiya zoyera pansi pa ketulo, komanso magetsi amathima nthawi iliyonse. Mitengo yalembedwa monga inalili pa tsiku logula.

2 Malichi: galasi ndi silikoni

Muyezo wake ndi masentimita 90 m'litali, 40 m'lifupi, 40 kupita m'mwamba. Powerengera papepala ndi malita 144, koma mukachotsa malo a dothi, mchenga, miyala ndi mpata wa pamwamba, madzi enieni ndi malita pafupifupi 110. Nambala imeneyi ndi yomwe igwire ntchito poyeza feteleza mtsogolomu.

Galasi ndi la mamilimita 6, ndipo pamwamba pali kagalasi kopingasa ka masentimita 8 kogwira mbali ziwiri zazitali kuti zisatukuke ndi kulemera kwa madzi. Galasi lodulidwa kale linatenga K95,000, machubu awiri a silikoni K24,000. Silikoni yoyenera ndi ija yonunkha ngati viniga. Ya kubafa ndi kukhitchini imakhala ndi mankhwala oletsa chuku, ndipo mankhwalawo amapha nsomba, choncho werengani chubu musanalipire. Pansi pa thanki pali sitailofomu ya masentimita 2 kuti kamwala kamodzi kotsala patebulo kasang'ambe galasi.

Itauma sabata yathunthu, thanki inadzazidwa madzi panja. Ngodya imodzi ya pansi inayamba kudontha. Titayang'anitsitsa panaoneka kuti silikoni sinagwire pamalo pamene panali mafuta a zala. Kupaka ina pamwamba sikuthandiza chifukwa yatsopano sigwira bwino pa yakale youma. Mzere wonse wa m'kati unachotsedwa ndi lezala, galasi linapukutidwa ndi sipiriti, n'kupakanso. Inadikiranso sabata ina.

20 Malichi: dothi, mchenga ndi madzi

Pansi penipeni pali dothi la masentimita 2, lomwe ndi malita 7: magawo atatu a katondo, gawo limodzi la dothi lakuda la pansi pa mitengo. Lonse linakumbidwa pamalo osathiridwa feteleza kapena mankhwala a mbewu, n'kusefedwa kuti mizu ndi timitengo zichoke. Kenako linanyowetsedwa m'beseni, kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma, n'kubwereza katatu. Kuteroko kumawoletseratu zinyalala zomwe zikanakawolera m'thanki. Manyowa a khola asalowemo ngakhale pang'ono.

Pamwamba pa dothi pali mchenga wa kumtsinje wa masentimita 4, malita 14, kulemera pafupifupi makilogalamu 22. Tinasefa kuti patsale wa mamilimita 2 mpaka 3. Mchenga wosalala kwambiri umagwirana, madzi sadutsa, ndipo pakapita miyezi pansi pamada n'kumatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola. Mchengawo unatsukidwa mundowa mpaka madzi otsukira atayera. M'mbali monse mwa galasi munasiyidwa masentimita 2 opanda dothi kuti lisamaonekere komanso lisamatuluke. Pothira madzi tinaika mbale pamchenga n'kumathirira pambalepo.

Madzi ndi a pamjigo: pH (muyezo wa asidi; ikapitirira 7 ndiye kuti madzi sali a asidi) 7.9, KH 9 ndi GH 11 (miyezo iwiri ya kuchuluka kwa laimu m'madzi). pH imeneyi ili m'kati mwa ya m'nyanja ya Malawi, yomwe imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Amene mukugwiritsa ntchito madzi a pampopi, aikeni mundowa maola 24 ndi mwala wa mpweya, uja wotulutsa thovu kuchokera ku pampu, kuti klorini achoke, kapena thirani mankhwala ochotsa klorini. Zoyezera pH, KH, GH, amoniya, naitiraiti ndi naitireti (zitatuzi zimachokera ku zowola ndi zonyansa za nsomba; ziwiri zoyambazo zimapha nsomba, naitireti ndi chakudya cha zomera) zonse pamodzi K78,000. Ndalama yake ndi yowawa, koma popanda zimenezi zonse zili m'munsimu zikanakhala zongoganizira.

27 Malichi: zomera zafika, koma zisalowe kaye

Zabwera izi: Vallisneria spiralis 12, Anubias barteri nana awiri, Java fern atatu, Cryptocoryne wendtii anayi, Hygrophila polysperma timitengo 10, ndi Ceratophyllum demersum wodzaza dzanja. Zonse K46,000 kwa woweta nsomba wina.

Vallisneria ndi Ceratophyllum zimamera zokha m'nyanja yathu, m'magombe osaya a mchenga. Muli nsomba zomwe moyo wake uli m'masamba a Vallisneria: Hemitilapia oxyrhyncha imapala ndere pamasambawo, pamene Dimidiochromis compressiceps imabisala pakati pake podikirira tinsomba. Komabe kukazula kunyanja si nzeru. M'dera la Lake Malawi National Park ku Cape Maclear ndi zoletsedwa, ndipo kwina kulikonse zomera za m'gombe zimabwera ndi nkhono za mtundu wa Bulinus, zomwe zimanyamula tizilombo ta likodzo. Munthu wochulukitsa zomera amalowetsa manja m'madzi pafupifupi tsiku lililonse, ndiye nkhono yosadziwika gwero lake isapatsidwe malo m'thanki.

Ngakhale zogula zinatsukidwa. Anubias ndi Java fern, poti masamba ake ndi olimba, anaviikidwa mphindi ziwiri mu blichi wosanunkhiritsa, gawo limodzi pa magawo 20 a madzi, n'kutsukuluzidwa kambirimbiri. Zofewa sizingapirire blichi, ndiye zinakhala masiku awiri m'madzi a alamu, supuni yaikulu imodzi pa malita anayi. Kenako zonse zinakhala m'beseni sabata imodzi. Mazira a nkhono amaoneka ngati kadontho ka mamina koonekera mkati, komatirira kuseri kwa tsamba, kokhala ndi timadontho ting'onoting'ono. Tinapeza timagulu titatu pa Hygrophila n'kutipala ndi chikhadabo.

5 Epulo: kubzala

Chomera chilichonse chili ndi kabzalidwe kake, ndipo zambiri zimafera pomwepa.

Vallisneria ndi Cryptocoryne: dulani mizu itsale masentimita 3, lowetsani mumchenga, kenako kokerani chomeracho m'mwamba pang'ono mpaka khosi lake loyera, pomwe masamba amakumana ndi mizu, lionekere pamwamba pa mchenga. Khosi likakwiririka limawola. Vallisneria anatalikirana masentimita 8, kumbuyo ndi mbali imodzi.

Anubias ndi Java fern sabzalidwa mumchenga. Ali ndi tsinde lokhuthala logona chopingasa, lomwe masamba amatulukira pamwamba, mizu pansi. Tsinde limeneli likufuna madzi oyenda. Anamatidwa pamiyala ndi supagulu wokhuthala, timadontho tiwiri pamizu osati patsinde, n'kugwirizira masekondi 30. Ulusi wa mbedza nawonso umagwira, bola osamanga mothina.

Hygrophila anachotsedwa masamba a pa mfundo ziwiri za pansi n'kuzikidwa kamtengo kamodzikamodzi. Ceratophyllum alibe mizu, amangoyandama; mukamukwirira, mbali yokwiririkayo imawola.

Nyali ndi ma LED awiri a panja aja, a mawati 10 iliyonse, owala moyera a 6500K, olendewera masentimita 20 pamwamba pa madzi, K32,000. Poyamba maola 6 patsiku. Fyuluta ndi ya siponji yoyendera pampu ya mpweya, K38,000 zonse. Nsomba sizinalowe.

19 Epulo: masamba akusungunuka

Cryptocoryne yense wasanduka phala. Masamba anayamba kuonekera mkati ngati pepala lonyowa, n'kuthothoka m'masiku ochepa. Chomerachi, chomwe kwawo ndi ku Sri Lanka, chimatero chikasinthidwa madzi. Musachizule. Mizu ikakhala yolimba ndi yoyera, masamba atsopano ozolowera madzi anu amatuluka pakapita masabata atatu kapena anayi. Zowolazo zinayamwidwa ndi kapaipi.

Hygrophila wagwetsa masamba onse akale. Ambiri ochulukitsa zomera amazilera kunja kwa madzi, ndipo masamba a kunja sagwira ntchito pansi pa madzi. Nsonga zikuphuka bwino.

Vuto lenileni lili pa Vallisneria: asanu mwa 12 awola pakhosi. Mchenga unali wotsetsereka kuchokera kumbuyo, ndipo posintha madzi unagumukira pamakosi awo. Otsalawo anakokedwa m'mwamba, mchenga unasalazidwa, ndipo mbale ija yabwereranso nthawi iliyonse yothira madzi.

Amoniya wafika 1 mg/L (miligalamu imodzi pa lita), wochokera m'dothi. Madzi akusinthidwa malita 35 kawiri pa sabata. Pagalasi ndi pamasamba a Anubias pali ndere zofiirira zochoka ndi chala. Zimenezi ndi za thanki yatsopano ndipo zimatha zokha.

10 Meyi

Amoniya 0, naitiraiti 0, naitireti 10 mg/L. Ma guppy, tinsomba ting'onoting'ono toweta m'mathanki, asanu ndi atatu alowa. Cryptocoryne atatu mwa anayi atulutsa timasamba tofiirira. Nyali zakwezedwa kufika maola 7.

Lero payambikanso kuyesa mpweya wa CO2, womwe zomera zimafuna pokula, wopangidwa ndi yisiti: botolo la malita awiri, shuga magalamu 200, yisiti theka la supuni yaing'ono, soda pang'ono, madzi ofunda kufika paphewa la botolo. Paipi yake ili ndi kavalavu koletsa madzi kubwerera, ndi kabotolo kachiwiri pakati kogwira thovu kuti lisalowe m'thanki.

31 Meyi: taima ndi kuthima kwa magetsi

Ndere zobiriwira zonga tsitsi zakuta nsonga za Vallisneria. Chifukwa chake chinapezeka pa taima, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake. Taima yozungulira ija ya timano imaima magetsi akathima, ndipo akabwera imapitirira pomwe inalekera. Magetsi akasowa maola anayi, taima yatsalira maola anayi, ndipo pakutha kwa sabata nyali zimayaka pakati pa usiku. Masana thanki imalandiranso dzuwa la pazenera, ndiye kuwala kumapitirira maola 12 patsiku pamene zomera n'zochepa.

Yalowa taima ya manambala yokhala ndi kabatire kosunga nthawi, K21,000. Mbali yoyang'ana kuzenera yatchingidwa ndi katoni. Ndere zinakulungidwa pa mswachi wakale n'kuzulidwa, nyali zinabwerera pa maola 6, ndipo Ceratophyllum wasiyidwa kuti aphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu a pamwamba. Amakula msanga, amalanda ndere chakudya, komanso amachepetsa kuwala kofika pa Anubias.

21 Juni: chisanu

M'mawa madzi akumakhala madigiri 18 kapena 19. Zomera zaima kukula, ndipo botolo la yisiti likungotulutsa mpweya masana kukafunda, usiku zii. M'mphepete mwa masamba a Anubias ndi Java fern mwamera ndere zakuda zonga ndevu, zomwe zimakonda thanki imene CO2 wake amakwera n'kutsika. Palinso china choopsa: magetsi akathima masana, pampu imaima koma botolo limapitiriza, ndipo ma guppy anapezeka akupumira pamwamba.

Botolo lachotsedwa ndipo silibwereranso. Kwa ine, CO2 wosakhazikika amawononga kuposa kusakhala naye n'komwe. Mankhwala amadzimadzi ogulitsidwa m'malo mwa CO2, okhala ndi glutaraldehyde, nawonso sangalowe muno chifukwa amasungunula Vallisneria.

Yalowa hita ya mawati 100, yoikidwa pa madigiri 24, K42,000. Kumbuyo ndi m'mbali mwamatidwa sitailofomu, pamwamba pali chivundikiro cha galasi. Motere magetsi akasowa usiku wonse madzi akumatsika ndi madigiri awiri okha.

Miyala ya Anubias ndi Java fern inatulutsidwa, ndevu zija zinapakidwa hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa kufamase ndi kathonje, n'kusiyidwa mphindi zitatu, kutsukuluza, kubwezeretsa. M'masiku atatu ndere zinafiira, kenako kutuwa, n'kuyamba kuthothoka. Kuthira peroxide m'thanki momwemo kunapewedwa chifukwa Vallisneria ndi Ceratophyllum sapirira.

12 Julayi: zoyera pamasamba, mabowo ndi masamba otumbuluka

Pamasamba a Vallisneria oyandikira nyali pali zoyera zokhakhala. Mukadutsitsa tsamba pakati pa zala zimamveka ngati fumbi la choko, ndipo zikagwera mu viniga zimachita thovu. Si matenda. CO2 akachepa, Vallisneria amatha kutenga kaboni kuchokera mu bikaboneti wa m'madzi a laimu, ndipo laimuyo amatsalira patsamba. Choyezera chikugwirizana nazo: pH 7.8 m'mawa, 8.4 nyali zitatsala pang'ono kuzima. Luso limeneli ndi lomwe limapangitsa Vallisneria ndi Ceratophyllum kukondwa m'madzi ngati athu popanda botolo lililonse. Amene madzi anu ali ndi laimu, yambirani pa zomera ziwirizi musanataye ndalama pa zofiira zokongola za pazithunzi, zomwe zambiri zimafuna madzi opanda laimu ndi CO2 wa m'silinda.

Hygrophila ndiye akuvutika. Masamba akale ali ndi timabowo tonga tobayidwa ndi singano, tozunguliridwa ndi chikasu: potaziyamu wachepa. Masamba atsopano a Vallisneria akutuluka otumbuluka pamene akale ndi obiriwira: ayironi wachepa. Naitireti watsika kufika pafupifupi 0, chifukwa ma guppy ochepawa sangadyetse zomera zonsezi.

Muyezo wa sabata iliyonse pa malita 110, ukatha kusintha madzi, ndi uwu. Potassium nitrate magalamu 1.8, zomwe zimapereka naitireti pafupifupi 10 mg/L. Potassium sulphate magalamu 2.5, zomwe zimapereka potaziyamu pafupifupi 10 mg/L. Pamafunika kasikelo koyeza magalamu osakwana limodzi, supuni imanama. Feteleza wa kumunda monga urea, CAN kapena NPK wa chimanga asayandikire thanki. Amatulutsa amoniya, ndipo pa pH yopitirira 8 amoniya amapha nsomba msanga.

Pa ayironi pali msampha. Feteleza wa ayironi wolembedwa EDTA amasweka m'madzi a pH yokwera chonchi asanafike ku chomera. Wa DTPA amapirirako, wa EDDHA amapirira kwambiri koma amafiiritsa madzi. Njira yotsika mtengo yomwe yagwira ndi kudyetsa mizu: timipira ta katondo tofanana ndi mtedza kukula, tokhala ndi timbulu titatu ta feteleza wosungunuka pang'onopang'ono wa maluwa m'kati, toumitsidwa pamthunzi. Kampira kamodzi kamakankhidwa mpaka pansi, masentimita 3 kuchokera pa chomera. Kakatsala pamwamba pa mchenga kamadyetsa ndere.

2 Ogasiti: kuchulukitsa koyamba

Vallisneria wayanga ngati kapinga. Chomera chachikulu chimatumiza kachingwe koyera pamwamba pa mchenga kapena pansi pake pang'ono, pa masentimita 5 mpaka 10 pamamera mwana, ndipo mwanayo amatumizanso kake. Asanu ndi awiri otsala aja tsopano ndi 26.

Mwana asadulidwe msanga. Adikire mpaka akhale ndi masamba anayi, kutalika masentimita 8 mpaka 10, ndi mizu yakeyake, chifukwa asanafike pamenepo amadya kudzera m'kachingwe kaja. Anayi omwe anadulidwa ali ndi masamba awiri, poyesa, anangoima, ndipo awiri anafa. Wakhwima amadulidwa kachingwe mbali zonse ziwiri ndi sizasi yakuthwa.

Kuzula ndiye kovuta m'thanki ya dothi. Mizu imafika pansi, ndipo mukakoka mwamphamvu katondo amakwera, madzi n'kufiira masiku awiri. Zimitsani pampu, gwirani mchenga ndi zala ziwiri mbali ndi mbali ya chomera, kokani pang'onopang'ono uku mukugwedeza. Njira yabwino koposa ndi kuika kamphika kadothi ka masentimita 6, kodzaza mchenga ndi kampira kamodzi ka katondo, patsogolo pa kachingwe katsopano, n'kukapanikiza ndi kamwala. Mwana amamera m'kamphikamo ndipo amasamuka osazulidwa.

Masamba a Vallisneria akatalika n'kugona pamwamba pa madzi, kudula pakati kumasiya nsonga yomwe imafiira n'kuwola. Ndi bwino kuchotsa tsamba lonse lakale kuyambira pakhosi.

Java fern amabereka pamasamba. Timadontho tofiirira tondondozana kuseri kwa tsamba ndi mbewu zake, musatipale. Pansonga za masamba okalamba pamamera tiana tokhala ndi timizu takuda. Kakafika masamba atatu ndi masentimita 3, kamachoka mukakapotokola pang'ono, n'kumatidwa pakamwala. Tsamba lothothoka musalitaye, lisiyeni liyandame. Masamba awiri otere atulutsa tiana 11.

Anubias ndi wochedwa, tsamba limodzi pa masabata atatu kapena anayi. Mmodzi yekha ndiye anafika masamba asanu ndi anayi. Tsinde lake linadulidwa kamodzi ndi lezala yatsopano, chidutswa chilichonse n'kutsala ndi masamba osachepera anayi ndi mizu yake. Sizasi yobuntha imatswanya tsinde ndipo pamenepo pamayambira kuwola. Chidutswa cha kumbuyo, chopanda nsonga, chimaphukira m'mbali pakapita mwezi.

Hygrophila amadulidwa nsonga ya masentimita 10, pansi pa mfundo, n'kuzikidwa. Chitsa chotsala chimatulutsa nthambi ziwiri. Cryptocoryne wasiyidwa osakhudzidwa. Kumusuntha ndi kuyambitsanso kusungunuka kuja.

30 Ogasiti: zodulidwa zikupita kuti

Ceratophyllum akumachotsedwa wodzaza manja awiri sabata iliyonse. Zodulidwa zonse zimayanikidwa palata mpaka ziume gwaa, kenako kudzenje la manyowa. Madzi osintha amathiriridwa maluwa kudzera m'kasefa, osati mungalande. Hygrophila polysperma kwawo ndi ku Asia, ndipo kachidutswa kamodzi kokhala ndi mfundo kamamera; ku United States ali pamndandanda wa zomera zoletsedwa chifukwa chotseka ngalande za madzi. Kuno tikudziwa kale zomwe namasupuni, wochokera ku South America, wachita mumtsinje wa Shire, mpaka kumafunika makina omuvuula ku Liwonde kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula. Namasupuniyo asalowe m'thanki ngakhale maluwa ake akongole bwanji.

20 Sepitembala: kuyesa m'thanki ya nsomba za m'nyanja

Vallisneria 10 m'timiphika, Anubias awiri ndi Java fern anayi pamiyala zasamukira m'thanki yomwe muli Labidochromis caeruleus, mbuna zachikasu zija za ku Lion's Cove, ndi Aulonocara. Vallisneria ena atatu anabzalidwa mumchenga mwachindunji kuti tifananize.

Atatu aja m'mawa mwake anapezeka akuyandama. Aulonocara amapeta mchenga ndi kukamwa posaka tizilombo, mbuna zimakumba maenje pansi pa miyala. A m'timiphika onse ali chilili, kupatula awiri omwe mchenga wake unafukulidwa. Pamwamba pa kamphika kalikonse paikidwa timiyala ta masentimita 2 mpaka 3, tolemera moti nsomba singanyamule, kusiya khosi poyera. Java fern sanakhudzidwe. Pa Anubias, masamba akale ali bwino koma tsamba latsopano lofewa ladyedwa m'mphepete, ndiye wasunthidwira pakona pomwe nsomba sizisonkhana.

18 Okutobala: kutentha

Madzi akufika madigiri 29 mpaka 30 masana. Hita yachotsedwa, sitailofomu ya m'mbali yamatulidwa, ndipo chivundikiro cha galasi chalowedwa m'malo ndi neti. Ceratophyllum anathothola timasamba take tonse m'masiku awiri kutentha kutafika 30. Zinyalalazo zinayamwidwa ndipo nsonga zobiriwira zokha ndi zomwe zabwezeredwa. Vallisneria sakudandaula.

Madzi akuuma pafupifupi malita 8 pa sabata. Laimu sauma nawo, ndiye kumangowonjezera madzi a pamjigo kwakweza KH kuchoka pa 9 kufika pa 12. Tsopano akusinthidwa malita 35 sabata iliyonse osaphonya, ndipo owonjezera pakati pa sabata ndi osungunula ayezi wa mufiriji yakale kapena amvula akapezeka oyera. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndipo usiku zomera nazo zimaupuma, choncho yagulidwa pampu ya mpweya ya mabatire, K27,000, yoyatsa magetsi akathima usiku.

M'mathanki onse awiri muli Vallisneria 41 kuphatikiza 10 omwe anasamuka, Java fern 17, Anubias atatu, Cryptocoryne asanu, Hygrophila timitengo 14. Ndalama zonse zolembedwa pamwambapa ndi K403,000, osawerengera feteleza, nsomba ndi magetsi. Timipira ta katondo ta mu Julayi tatha mphamvu, masamba atsopano a Vallisneria ayambanso kutumbuluka, ndiye sabata ino talowa tina 20. Timiphika tina 12 taikidwa patsogolo pa zingwe zatsopano, ndipo chidutswa cha kumbuyo cha Anubias chili ndi mphukira ziwiri zomwe zidikire mpaka chilichonse chifike masamba anayi.